Nkhoswe ya Matimu Khumi ndi Imodzi

Malume athu a ku Zomba anawakaniza viza kawiri. Ulendo woyamba anauzidwa kuti palibe umboni woti akabwera kuno adzabwerera kwawo. Ulendo wachiwiri anafunsidwa kuti unkhoswe ndi ntchito yanji, nanga n'chifukwa chiyani ntchitoyo sangaigwire munthu amene ali kale ku England. Funso lachiwirili mlongo wanga Mayankho analitenga ngati malangizo.

Ine ndine Rozina, mkulu wake, namwino pa chipatala china mu Leicester muno. Mayankho amanyamula makatoni ku weyahausi ku Corby. Anali atapeza mbeta, Hazel, mtsikana wodekha ndi wanzeru yemwe mpaka lero sindidziwa chimene anaona mwa mlongo wangayu. Awiriwa ankafunana zenizeni. Chimene chinaima pakati pawo ndi malume ake a Hazel, a Cephas a ku Oadby, bambo amene nyumba yawo ili ndi kapinga kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo akamalankhula umamva kuti akulankhula munthu wa kapinga.

Titawapempha kuti malume athu aimirire pa foni, a Cephas anakana tisanamalize n'komwe.

"Nkhoswe ya pa foni ayi," anatero. "Netiweki ikathawa ndiye kuti banja latha? Ndikufuna mwamuna wachikulire, womudziwa mnyamatayu mkati ndi kunja, wopezeka. Inu a Rozina mukhala nkhoswe yaing'ono, zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma yaikulu ndiione ndi maso angawa. Ndikaikana, nkhuku zibwerera kumene zachokera, ndipo mwana wathu sapita kulikonse."

Hazel anali atanena poyera kuti sangakwatiwe mozemba malume ake, poti ndi amene anamulera. Choncho nkhani inali yomweyo: popanda nkhoswe, palibe ukwati. Achikulire a kwathu amene timawadziwa kuno onse amapemphera ndi a Cephas, ndipo aliyense tikamufikira ankapezeka kuti tsikulo ali pa shifiti, ngakhale tsikulo tisanalitchule.

Kenako Mayankho anandiimbira foni ali mosangalala, zimene nthawi zonse zimandidetsa nkhawa.

"Achemwali, ndasova. Tipita ndi a Malaki."

"A Malaki ake ati?"

"A landilodi, eni nyumba imene ndimakhala."

Ndinakhala pansi.

Dzina lawo lenileni ndi Malachy Culhane, koma ife timangoti a Malaki. Ndi mzungu wa ku Ireland, wazaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wamtali, wa mawondo otha. Amayendetsa basi yonyamula anthu a mashifiti kupita ku maweyahausi. Mayankho anakhala m'chipinda chawo chapamwamba kuyambira pamene anafika ku Corby. Kale a Malaki anali wosewera mpira wolipidwa. Anachoka kwawo ali kamnyamata, nazungulira England yense m'matimu a m'maligi apansi, aja oti ukatchula dzina lake munthu amayamba wafunsa kuti tauniyo ili kuti. Timu ya dziko lawo inawaitana kangapo, koma ankangokhala pa benchi. Tsiku lina, pa masewero opimana mphamvu, anawalowetsa mpira uli pafupi kutha. Anathamangira mbali iyi, nathamangira mbali iyo, woimbira n'kuimba wezulo. Mpira sanaukhudze. Koma kwawoko aliyense wosewerera dziko amapatsidwa chipewa, ndiye chipewa anapatsidwa. Chili m'kabati ya galasi pa balaza, chobiriwira, chokhala ndi kangayaye pamwamba.

Kutchuka kwawo n'kovuta kukuyeza. Ku Corby amawadziwa wometa tsitsi ndi mkulu wina wa ku bala, amene amawasokoneza ndi wosewera wina. Ku tauni ya kwawo ku Ireland akuti chithunzi chawo chilipo m'bala ina, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Pa intaneti pali tsamba lawo, koma mndandanda wa matimu ndi wautali kuposa nkhani ya moyo wawo. Ankanena kawirikawiri kuti akadzapuma pa basi adzabwerera kwawo, komwe mlongo wawo anawasungira chipinda, akakhale kufupi ndi chithunzi chawocho.

"Wawauza kuti nkhoswe n'chiyani?" ndinamufunsa Mayankho.

"Ndawaekisipulenera."

"Unati chiyani?"

"Ndinati akhala mlendo wolemekezeka, woimira timu yathu."

Mwana ameneyu ndinamubereka kumbuyo ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tsiku limenelo ndinadandaula kuti sindinamugwetseko ngakhale kamodzi.

A Cephas atamva kuti nkhoswe ndi mzungu sanakane, sanavomere. Anangofunsa kalembedwe ka dzina. Mashifiti a atatufe, ine, a Cephas ndi a Malaki, sanagwirizane mpaka tsiku la chinkhoswe lenilenilo, choncho tinapangana kuti akaonane nawo pa holo pomwepo mwambo usanayambe. Holoyo inali ya tchalitchi china mu Leicester. Alendo anali ataitanidwa kale, ena kuchokera ku Nottingham, mpunga utaphikidwa, zitenje za yunifolomu zitasokedwa. Ine usiku wake tulo sindinatione.

A Malaki anafika msanga kuposa tonse, atavala jekete lobiriwira lomwe linawakwana zaka zakale. M'khwapa anapanira kabokosi. Nditasuzumira ndinaona zithunzi zambiri zofanana: iwowo akadali mnyamata wa tsitsi lalitali, kabudula wamfupi mochititsa manyazi, phazi lili pa mpira. M'thumba la pachifuwa munali cholembera chachikulu chakuda.

"Ndinachitapo zoterezi," anandiuza m'Chingerezi chawo chothamanga. "Ndinatsegulirapo sitolo ya makapeti. Musadandaule, ndimadziwa kuima."

Anaimadi, pakhomo penipeni, kabokosi kali m'manja. Anthu anayamba kufika. Mayi woyamba anawayang'ana n'kuwafunsa kumene angalumikize poto wa mpunga. Wachiwiri anawadandaulira kuti m'holomo mukuzizira. Bambo wina anawapatsa makiyi kuti akasunthe galimoto. Onse ankaganiza kuti ndi woyang'anira holo. Choseketsa n'choti a Malaki anapezadi polumikizira poto, nayatsa zotenthetsera, nakasuntha galimoto, kenako n'kubwerera pamalo pawo. Ana obadwira kuno, amene amadziwa osewera onse a pa dziko lapansi mpaka nambala ya nsapato zawo, anadutsa osacheuka. Kabokosi sikanatsegulidwe. Ndinawamvera chisoni bambo aja mpaka ndinaiwala kwa kanthawi kuti ndakwiya.

A Cephas anatiitanira m'kachipinda ka Sande sukulu. Munali timipando ta ana tokhatokha, ndiye tonse atatu tinakhala mawondo ali m'mwamba. Patebulo panali nkhuku ziwiri. Pa mwambo wathu akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza thadzi, ndiye kuti mabanja agwirizana. Koma holo ya azungu silola zamoyo, choncho zonse ziwiri zinali zootcha za m'sitolo, zokutidwa m'mapepala onyezimira. Yathu tinaimanga kansalu kofiira kuti idziwike kuti ndi tambala. Mayankho anatsala panja, nkhope yake ikuoneka pa kagalasi ka chitseko.

A Cephas amalankhula Chingerezi kuposa ine, koma anati mwambo sayendetsa m'chilankhulo cha eni. Ine ndinakhala womasulira.

"Auzeni kuti ndawagugula pa intaneti," anatero, akutulutsa foni.

Nditamasulira, nkhope ya a Malaki inawala. Anakhudza cholembera chija. Tsiku lonse, uyu anali munthu woyamba kuwadziwa.

A Cephas anavala magalasi nayamba kuwerenga mayina a matimu mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga milandu. Dzina lililonse a Malaki ankagwedeza mutu mokondwa.

"Khumi ndi imodzi," anatero a Cephas pomaliza. "Apa zaka ziwiri, apa chaka, apa miyezi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. A Rozina, afunseni. Munthu amene sanakhazikikepo pamalo amodzi moyo wake wonse, akaphunzitsa bwanji ana athu kukhazikika pa banja?"

Ndinamasulira mofewetsa. Pusi ndinamusiya. Mwina ndinafewetsa mopitirira, chifukwa a Malaki anangomva za nambala.

"Khumi ndi awiri," anakonza mwaulemu. "Pali ina imene sanailembe. Inatha pakati pa chaka, bwalo lake anamangapo sitolo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndione chimene ndingapulumutse.

"Ndamva," anatero a Cephas. Anavula magalasi. Dzanja lawo linapita pa nkhuku yawo n'kuikokera pang'ono kumbali kwawo.

Kukoka kumeneko a Malaki anakuona. Anayang'ana nkhuku, nayang'ana ine, nayang'ana nkhope ya Mayankho pa kagalasi, imene inazimiririka nthawi yomweyo.

"Rozina," anatero, "kodi ndabwera kudzatani kuno?"

Panalibenso chobisa. Ndinawauza zonse. Ndinati palibe amene akufuna chithunzi. Ndinati nkhoswe ndi munthu amene amaimira mnyamata ngati kholo, n'kulonjeza kuti akumudziwa. Awiriwa akadzayambana, mkazi sapita ku polisi kapena kwa anzake a ku ntchito, amapita kwa nkhoswe, ndipo nkhoswe imasiya zimene ikuchita n'kubwera kudzakhala nawo pansi. Kukagwa matenda, nkhoswe. Kukagwa maliro, nkhoswe. Ndinawauzanso kuti a Cephas aona matimu aja ngati umboni woti iwo ndi munthu wothawathawa, ndipo akawakana, ukwati wa Mayankho uthera m'kachipinda kano.

A Malaki anaika kabokosi kaja pansi, pafupi ndi phazi, nakakankhira kunsi kwa kampando. Ndinkayembekezera kuti anyamuka, ndipo sindikanawaimba mlandu.

"Muwauze bambowa," anatero, "kuti sindinachokepo pa timu ndekha. Ankandichotsa. Mwezi wa Meyi uliwonse, ligi ikatha, bwana amakuitanira mu ofesi. Ukapeza tiyi yekha, ndiye kuti utsala. Ukapeza tiyi ndi mabisiketi, kalongedze. Ine mabisiketi ndadya ambiri."

A Cephas sanadikire kuti ndimasulire, komabe anayankha m'Chichewa. "Ndiye kuti mpirawo sankautha."

"Ndinkautha pang'ono," anatero a Malaki nditawafotokozera. "Mokwanira kugulidwa. Osakwanira kusungidwa."

Ananena zimenezi mmene munthu amanenera msinkhu wake, osadandaula, osaseka.

"Koma pa tsambalo sanalembepo Bernadette," anapitiriza. "Matimu khumi ndi awiri, nyumba khumi ndi ziwiri, mkazi mmodzi. Ketulo imodzinso, ikadalipo. Ankalongedza ndi iyeyo, ine ndinkangonyamula. Tinkayambana m'galimoto njira yonse, tikafika n'kufunsana kuti makatani tipachika ati. Ngati mukufuna wodziwa mpira, ndikupezerani wina. Koma kuyambana ndi munthu mmodzi yemweyo kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, kumeneko ndiye ndinasewera ligi yaikulu."

A Cephas anakanda chibwano. "Mnyamatayu akumudziwa?"

"Chaka chomaliza cha moyo wa Bernadette, miyendo yake inasiya kugwira. Chipinda chathu chili pamwamba, ndipo mawondo angawa mukuwaona. Mnyamata uyu ankabwera kuchokera ku shifiti atanyamula makatoni mpaka manja kutupa, n'kumunyamula mkazi wanga kutsika naye pansi kuti akaone mbalame pa windo. Madzulo asanapite ku ntchito ankamukwezanso. Sindinamupemphe. Tsiku lina ndinangopeza akuchita."

Zimenezi ine sindinkazidziwa. Mayankho amandiuza zopusa zonse zimene wachita, koma ichi sanandiuzepo. Ndinawamasulira a Cephas zonse.

"Zoipa zake?" anafunsa a Cephas.

Apa ndinapemphera kuti a Malaki akhale ndi nzeru zonama pang'ono. Analibe.

"Amanyika mapoto m'madzi mpaka amere. Akalakwa sapepesa, amangogula nkhuku n'kuika patebulo. Ndipo akaopa kukuuza zoona, amakuuza theka, ngati mmene wandichitira ine lero. Mtsikanayo adziwiretu zimenezi."

"Eya," anatero a Cephas, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana a Malaki m'maso osati pa foni. "Nkhoswe yonena kuti mwana wake ndi mngelo ndimaiopa." Anatembenukira kwa ine. "Koma auzeni kuti ntchitoyi ilibe ulemerero. Yambiri ndi kudikira. Mwina zaka zidutsa osaitanidwa. Koma tsiku loitanidwa, abwere pomwepo, osati mawa."

A Malaki atamva anapumira m'mwamba.

"Bambo, ine ndakhala pa benchi m'mabwalo onse a dziko lino, mvula ikugwa, nsapato zili zomanga. Palibe tsiku limene bwana anacheuka n'kupeza ndavula."

Kunja nyimbo zinali zitayamba, ndipo amayi ena ankayeserera nthungululu. Dzanja la a Cephas linali likadali pa nkhuku. A Malaki anakweza chala ngati mwana wa sukulu.

"Funso limodzi. Kontirakiti yake ndi ya zaka zingati?"

Ndinamasulira. A Cephas anandiyang'ana ngati ndawonjezera zanga.

"Zaka? Auzeni kuti mpaka imfa. Yawo kapena ya anawo."

"Palibe zokaonana mu ofesi mwezi wa Meyi?"

"Palibe."

"Ngakhale nditalakwitsa?"

"Nkhoswe sachotsa," anatero a Cephas. "Ikalakwitsa timaikalipira, n'kuiitananso."

A Malaki anayang'ana tambala wathu wa kansalu kofiira nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana zojambula za ana pakhoma, chombo cha Nowa ndi nyama zake, chifukwa si bwino kuyang'anitsitsa bambo wachikulire pa nthawi ngati imeneyo.

"Yaitali kwambiri imene ndinapatsidwapo inali ya zaka ziwiri," anatero.

Ananyamula tambala ndi manja awiri. Palibe anawaphunzitsa zimenezo. A Cephas analandira, nakankhira thadzi kwa iwo. Kenako, m'Chingerezi chawo cha ku Oadby chimene anachisunga nthawi yonseyi, anapempha nambala ya foni ndi adiresi, kuti adziwe kokagogoda. Anati za mufoni sazikhulupirira, akufuna zolemba. Tinafunafuna pepala m'kachipindamo, osalipeza. A Malaki anawerama, mawondo akulira, natulutsa kabokosi kaja. Anatenga chithunzi chimodzi, nachitembenuza, nalemba kumbuyo kwake ndi cholembera chakuda chija. Pomaliza dzanja linapitirira lokha n'kusaina dzina, ndi kamchira kokhotakhota kumapeto. A Cephas anachiyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Kabudulayu anali wanu?"

"Ankatipatsa."

A Cephas anachiika m'thumba la mkati mwa jekete.

Chinkhoswe chinayenda bwino. A Malaki anavinitsidwa, ndipo kuvina kwawo kunandithandiza kumvetsa nkhani ya mabisiketi. Mayankho ndinamukoka khutu kuseri kwa holo, kenako ndinamukumbatira, osamuuza chifukwa.

Ukwati unachitika chilimwe chathachi. Mpaka pano awiriwa sanayambane zofika kwa ankhoswe. Lamulungu lililonse ndikangotuluka m'tchalitchi foni imalira.

"Rozina, ana ali bwanji?"

"Ali bwino, a Malaki."

"Palibe vuto lililonse? Mapoto?"

"Akutsuka."

Sindidziwa ngati akondwa kapena akhumudwa. Kenako amati foni yawo ndi yoyatsa.

Mwezi wathawu anapuma pa ntchito ya basi. Ndinapita ku Corby kukawaona, nditanyamula makatoni opanda kanthu m'galimoto poganiza kuti ayamba kulongedza za ku Ireland. Ndinapeza chipewa chili m'kabati momwemo, ketulo ili pamoto. Ndili pomwepo mlongo wawo anaimba foni, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pamene ndinakhala. Ankati chipinda chakonzedwa, bedi layalidwa, ndipo a ku bala avomera kusuntha chithunzi chija kuchichotsa ku chimbudzi kuti chikhale pafupi ndi kauntala. Abwera liti?

A Malaki anamvetsera mpaka mlongo wawo anamaliza.

"Sindingathe," anatero. "Ndili pa kontirakiti."